Asilikali a Bambo Akutsimphina

Laputopu yanga ili ndi makomo awiri. Ukaiyatsa, pasikirini yakuda pamabwera mizere iwiri, ndipo imakupatsa masekondi khumi oti usankhe kolowera. Ukapanda kukhudza kanthu imakulowetsa yokha khomo lapamwamba, kumene kuli ntchito yanga yojambula mapulani a nyumba. Ukadina batani loloza pansi kenako n'kudina lalikulu lija, umalowa khomo lapansi, kumene kwa zaka ziwiri kunalibe ngakhale khoswe. Anaikonza choncho ndi mwamuna wanga. Ntchito yake ndi yogulitsa matayala, koma kunyumba timamutchula kuti Injiniya, chifukwa palibe chinthu chokhala ndi waya chimene anachisiyapo pamtendere. Nditamufunsa ntchito ya khomo lachiwirilo, anangoti makompyuta a anthu ozindikira amakhala choncho. Ndinamukumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma iye anangoseka n'kupitiriza zake.

Bambo anga anabwera kudzakhala nafe atangotuluka m'chipatala. Sitiroko inawasiya ndi dzanja lamanja lolemera komanso mwendo wokokera, koma chimene chinkandisowetsa mtendere si dzanjalo. Bambo anasiya kulankhula. Lilime linali labwinobwino, adokotala analiona mpaka kawiri. Munthu anangoganiza zotseka pakamwa. Ameneyu ndi Sajeni wopuma, amene anasunga katundu wa asilikali kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, munthu woti tili ana ankatha kukalipira supuni chifukwa yagona m'dirowa ya mafoloko. Tsopano ankangokhala pampando wa pawindo, maso ali kumpanda, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinkachita mantha, ndisabise. Ndinkaona bambo anga akuchoka pang'onopang'ono ali pompo pampando.

Adokotala anati tiwapezere chochita chogwiritsa ntchito zala ndi mutu. Ndinagula kampira kofinya, Bambo anakapereka kwa mphaka. Ndinagula makadi, ndinawapeza atapindidwa pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Apa m'pamene Injiniya anaona mwayi umene ankaudikira kwa zaka ziwiri. Loweruka lina masana analowetsa gemu ya nkhondo kukhomo lapansi lija, anakokera tebulo pafupi ndi windo, n'kukhala pambali pa Bambo.

"Apongozi, taonani kuno," anatero Injiniya. "Iyi ndi kampu yanu. Apa mumalemba asilikali, apa mumapanga akasinja, iyi ndi galimoto ya chakudya ndi zipolopolo. Adani ali kuseri kwa phiri ili. Amene wagumula kampu ya mnzake ndiye wapambana."

Bambo sanatembenuke n'komwe. Injiniya sanataye mtima. Analemba asilikali khumi, ang'onoang'ono ngati nyerere, n'kuwalozera njira ya kuphiri, ndipo anayamba kuthamanga mfuti zili m'manja. Ine ndinali pakhomo la kukhitchini ndikupukuta kapu. Ndinaona diso la Bambo likuchoka kumpanda n'kutera pasikirini.

"Adya amenewo?"

Kapu ija inandipulumuka. Amenewo anali mawu oyamba a Bambo m'miyezi inayi, ndipo sanali oti "mwanawe" kapena "zikomo".

"Apongozi, ndi gemu chabe, sikuti amamva njala..."

"Ndafunsa kuti adya? Galimoto ya chakudya waisiya pakampu, anyamata ukuwathamangitsira kuphiri m'mimba muli pululu. Bweza amenewo. Ndipo chotsa dzanja pamenepo, ungaphe ana a eni."

Injiniya anasiya mausi ya kompyuta akumwetulira ngati wawina mpikisano. Ine ndinalowa kukhitchini kukalira pang'ono, kenako ndinabwera ndi tsache kudzasesa zidutswa za kapu.

Kuyambira tsiku limenelo laputopu tinaigawana. M'mawa inali yanga, ikakwana thu koloko inkapita kwa Bambo. Thu koloko ya Sajeni si ya anthu wamba. Kutatsala mphindi ziwiri ankaima kumbuyo kwanga atameta ndevu, malaya atapisira, akuyang'ana wotchi, ndipo kaya ndili pakati pa denga la munthu, ndinkayenera kuzimitsa mbali yanga kuti iwo ayatse yawo. Amati munthu salowa mukampu atavala zogonera, komanso salowa mochedwa.

Vuto linali masekondi khumi aja. Bambo ankati pachipata pali mlonda wopanda mwambo, wosadziwa kudikira munthu wamkulu. Dzanja likamati lifike pabatani, nthawi yatha kale, laputopu yawalowetsa kuofesi kwanga. Injiniya anati angathe kuwonjezera masekondiwo, koma Bambo anakana kwamtuwagalu, amati iwo sanapemphepo chifundo kwa mlonda. Ankayeserera patebulo ndi chala, akuwerenga "wani, thu!", mpaka sabata yachiwiri anamupitirira mlonda uja kutatsala masekondi atatu. Kukuwa kwake tinakumva tili panja tikuanula zovala.

Tsiku lina mlonda atawapambana, ndinawapeza akuyang'anitsitsa pulani ya nyumba ya kasitomala wanga.

"Wajambula ndiwe zimenezi?"

"Eya, Bambo."

"Khomo limodzi? Moto ukabuka kutsogoloku anthu atulukira padenga? Kusukulu kuja unkakaphunzira chiyani?"

Ndinapsa mtima tsiku lonse, kenako ndinaika khomo lakuseri. Kasitomala anandiyamikira kuti ndimaona patali, ndipo Bambo sindinawauze.

Nyumba inadzuka. Pa nthawi ya chakudya tinkamva malipoti: khoma la kum'mawa latha, gulu lachitatu lalandira galimoto yake, adani anabwera asanu n'kubwerera atagunda khoma. Malipoti akatha, Bambo ankadzudzula mchere, kapindidwe ka mabulangete, ndi mmene Injiniya amaimikira galimoto pakhomo. Sindinaganizepo kuti ndingadzasangalale ndi kukalipiridwa ndili mayi wamkulu wa pabanja panga, koma ndinkasangalala, ndipo nthawi zina ndinkapinda bulangete mokhota dala.

Sabata yachisanu asilikali anayamba kutsimphina. Bambo akalamula gulu kuti ligube, asilikali ankanyamula mwendo n'kuuma pomwepo mwendo uli m'mwamba, kenako n'kupezeka adumphira patsogolo ngati achule. Mausi ukaisuntha lero, kamuvi kake kankafika mawa. Fani ya m'kati mwa laputopu inkalira ngati ketulo yowira, ndipo pansi pake pankatentha moti ukanatha kusitira kolala ya malaya.

"Anyamata anga akudwala," anatero Bambo. "Ndikawalamula akumamva mochedwa. Msilikali womva mochedwa ndi maliro."

Tsiku lililonse ankatseka laputopu mofulumirirapo. Malipoti anayamba kufupika, mchere unasiya kudzudzulidwa. Lachinayi lina ndinagwira ntchito mpaka fili koloko popanda wondithamangitsa. Nditatuluka m'chipinda ndinapeza Bambo ali pampando wa pawindo, maso ali kumpanda, ndevu zosameta. Injiniya atangofika kuchokera kuntchito ndinamukokera kukhitchini n'kumuuza kuti kaya atani, asilikali amenewo ayende.

Kuuza Injiniya kuti "kaya utani" n'chimodzimodzi kupatsa mwana machesi, ndipo ndinkadziwa, koma ndinali nditagwira njakata.

Poyamba anati vuto ndi njala. Anamva kwa mnzake wa kuntchito kuti laputopu ikamayendera batire imasunga mphamvu ndipo imachita ulesi, ndiye iyenera kukhala pachaja nthawi zonse. Mfundo imeneyi Bambo anaikonda, chifukwa inkagwirizana ndi zimene iwo amakhulupirira zokhudza mimba ya msilikali. Chaja Bambo anaimata kukhoma ndi selotepi, n'kulengeza kuti soketi imeneyo ndi ya gulu lankhondo. Foni yanga inayamba kukatchajidwa kubafa. Asilikali anayenda bwino tsiku limodzi ndi theka, kenako anayambiranso.

Kachiwiri anati vuto ndi kutentha. Anakhazika laputopu pathireyi ya mazira kuti mpweya uzidutsa pansi, n'kubweretsa fani yaikulu ya kuchipinda kwathu n'kuilozetsa pomwepo. Mapepala anga anauluka mpaka kukhonde, mphaka anasamukira kwa aneba, Bambo anasewera atavala chipewa ndi sikafu. Laputopu inazizira ndithu, koma asilikali anapitiriza kutsimphina, kungoti tsopano ankatsimphina pamphepo.

Kachitatu anati zithunzi n'zolemera. Analowa m'kati mwa gemu n'kuzimitsa udzu, utsi, mitambo ndi mithunzi. Asilikali anatsala osalala ngati mbatata zosenda, opanda nkhope. Anayendako bwino pang'ono, koma Bambo anavala magalasi n'kuyandikira sikirini mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda.

"Mkamwini, mithunzi ya anyamatawa ili kuti?"

"Ndaichotsa, apongozi. Imalemetsa kompyuta."

"Dzuwa likuwala, munthu alibe mthunzi, ameneyo ndi munthu? Ine mizukwa sindinailamulirepo. Bwezera mithunzi, ndi nkhope zomwe."

Mithunzi inabwerera, kutsimphina nakonso kunabwerera.

Chachinayi ndiye chinatsala pang'ono kuthetsa banja. Loweruka ndinapita kukayeza malo a kasitomala. Injiniya anakhala pansi n'kuganiza mozama, zimene kwa iye zimakhala zoopsa. Anapeza kuti asilikali akupanikizana chifukwa mbali yanga ya laputopu inatenga malo aakulu, ndiye anaganiza zosuntha khoma lolekanitsa mbali ziwirizo kuti kampu ikule. Anaonera vidiyo yophunzitsa zimenezi, ya mphindi khumi ndi ziwiri, koma anaisiya pa mphindi yachinayi poti zotsalazo amati ankazidziwa kale. Nditabwerako ndinapeza amuna awiri akuyang'ana sikirini yakuda bii, pakona pakuphethira kamzere koyera. Makomo onse awiri anali atasowa.

"Inu bambo a matayala," ndinayamba. Ndikayamba kumutchula kuti "inu", Injiniya amadziwa kuti zavuta. "Mapulani anga ali kuti?"

"Alimo. Zonse zilimo. Kungoti polowera pake..."

"Nyumba yopanda polowera ndi manda."

Ndinalankhula zambiri zimene sindingazilembe pano. Koma mkwiyo unandithera nditayang'ana Bambo. Sanakalipe, sanafunse, sanatchule ngakhale liwu loti "chitsiru" limene Injiniya anali atalikonzekera kale. Anangodzuka n'kukoka mwendo wawo kubwerera kuwindo.

Lolemba m'mawa ine ndi Injiniya tinanyamula laputopu kupita kwa Anti Waya. Mayi amenewa amakonza mafoni ndi makompyuta kunsi kwa masitepe a nyumba ina ya mashopu, m'kachipinda koti ukayetsemula umagunda makoma onse anayi. Pamphumi pawo pamakhala magalasi awiri, ena owerengera, ena okulitsira zinthu, ndipo salankhula ndi kasitomala asanalankhule ndi makina. Bambo ndinachita kuwanyengerera kuti tipitire limodzi. Ndinawauza kuti mkulu wa asilikali salola odwala ake kupita okha kuchipatala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakavala jekete.

Anti Waya anachotsa foni zakufa pampando umodzi wokhawo n'kukhazikapo Bambo. Anabaya fulashi m'mbali mwa laputopu, analemba tizilembo tawo kwa mphindi zingapo, anaizimitsa n'kuiyatsanso. Mizere iwiri ija inatulukira ngati sinachokepo.

"Katundu yense alimo," anatero. "Koma anasuntha khomali ndani?"

Injiniya anayamba kuwerenga masitepe.

"Achimwene, khoma sasuntha anthu ali m'nyumba. Mukanapitirira pang'ono, mayiwa akanayambiranso kujambula ndi pensulo. Ndipo munasunthiranji? Mbali ziwirizi sizilimbirana kanthu. Ina ikamagwira ntchito inayo imakhala ili m'tulo. Tsopano tione odwalawo."

Analowa khomo lapansi n'kutsegula gemu. Inatenga nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi mpaka kutsuka kapu. Kampu ya Bambo itaonekera, Anti Waya anatsitsa magalasi owerengera, kenako anatsitsanso okulitsira aja pamwamba pake. Nanenso tsiku limenelo m'pamene ndinaiona bwino kampuyo. Inali ndi makoma atatu ozungulira, mizinga pakona iliyonse, ndipo m'kati mwake asilikali anali pamizere yowongoka kuchokera kumtsinje mpaka kumapeto kwa mapu, gulu lililonse lili ndi galimoto yake ya chakudya pambali. Panalibe malo ngakhale oponda nkhuku.

"Bambo, asilikali amenewa alipo angati?"

"Zikwi zisanu ndi chimodzi, mazana anayi, khumi ndi awiri," Bambo anayankha osayang'ana n'komwe pasikirini. Mtima wanga unakhalako pansi pongomva mawu awo.

"Mwamenyapo nkhondo zingati?"

"Palibe."

"Mwezi ndi theka wonsewu?"

"Sanakonzeke."

Anti Waya anaseka mpaka magalasi onse awiri anagwera pachifuwa. Ine ndinayenera kudziwa kalekale. Awa ndi bambo amene ali ndi malaya atatu atsopano amene sanawachotsepo m'pepala, mabatire a tochi odzaza chitini pamene tochiyo inatayika ine ndili kusekondale, ndi sopo amene anauma mpaka kung'aluka akudikira tsiku lovuta. Chinthu chikalowa m'manja mwa Sajeni chimasamalidwa, koma kutuluka ayi.

Atapukuta misozi, Anti Waya anafotokoza. Laputopu inalibe matenda. Gemu imeneyi anthu amasewera ndi asilikali mazana awiri kapena atatu. Amawatumiza kunkhondo, amafa, n'kulemba ena. Kompyuta imayenera kuganizira msilikali aliyense payekha, kumene wayang'ana, phazi limene waponda, ndi mthunzi wake womwe. Bambo ankalemba asilikali tsiku lililonse koma sanatayepo ndi mmodzi yemwe. Ndipo popeza Injiniya anasankha adani aulesi kuti apongozi ake asavutike, adaniwo ankangobwera kudzakanda khoma n'kubwerera kwawo.

"Ngakhale mutabweretsa kompyuta youlutsira ndege, pakutha pa mwezi idzatsimphinanso," anatero Anti Waya. "Mankhwala ake ndi amodzi, anthuwa achepe. Atumizeni kuseri kwa phiriko. Ndi chigulu chimenechi mupambana musanamalize kuyasamula."

"Abwerako angati?"

"Kaya. Mwina theka. Ndi mmene zimakhalira, bambo, ndi gemu."

Bambo anatambasula dzanja lamanzere n'kupinda laputopu mwakachetechete.

"Tiyeni kunyumba," anatero.

Apo ndinasowa mtengo wogwira. Ndinadziwa kuti tikatuluka m'kachipindamo choncho, Bambo akafikira pawindo ndipo sakachokaponso. Ndinawayang'ana Anti Waya ngati mmene munthu amayang'anira nesi pakhomo la wodi. Iwo anasiya kuseka. Anatsegulanso laputopu, anasankha msilikali mmodzi wa kumapeto kwa mzere, n'kuloza kabatani kakang'ono pansi pa chithunzi chake.

"Kameneko n'kofufutira," Injiniya analowerera.

"Ndiwaphe ndekha?" Bambo anafunsa, mawu atakwera.

"Achimwene, inu munalankhula kale Loweruka," anatero Anti Waya. "Bambo, valani magalasi muwerenge nokha. Apa alemba kuti kumutulutsa usilikali. Taonani."

Anadina. Kamsilikali kaja kanaika mfuti pansi, kanatembenuka, n'kuyamba kuyenda motsimphina kudutsa pachipata, kutsata msewu mpaka m'mphepete mwa mapu, pamene kanazimiririka. Bambo anakaperekeza ndi maso mpaka kumapeto.

"Wapita kuti?"

"Kwawo," anatero Anti Waya osaphethira n'komwe. "Mutha kuwasankha onse n'kudina kamodzi, mphindi imodzi zatha."

"Ayi. Msilikali satulutsidwa ngati mbuzi m'khola. Mmodzimmodzi. Ndipo ameneyu mwamutulutsa osamuthokoza."

Anti Waya anapepesa, ndipo Bambo anati awakhululukira poti ndi munthu wamba.

Ntchitoyo inatenga masiku khumi ndi limodzi. Thu koloko ikakwana, Bambo ankakhala patebulo atameta, n'kuyamba. Ankasankha msilikali, n'kunena kuti, "Wagwira ntchito. Pita kwanu," kenako n'kudina. Ankadina ndi dzanja lamanja, lolemera lija, chifukwa amati munthu sumutsanzika ndi lamanzere. Tsiku loyamba anatulutsa makumi asanu ndi atatu okha, thukuta lili kamukamu. Pofika tsiku lachisanu ankapitirira mazana asanu ndi awiri. Injiniya akaweruka ankamuimika pambali kuti akhale mboni, manja kumbuyo, ndipo akangokanda mphuno ankadzudzulidwa. Mawu oti "pita kwanu" anadzaza nyumba yonse moti tsiku lina ndinawanena kwa kasitomala pafoni m'malo motsanzika. Titapita kuchipatala adokotala anauza Bambo kuti, "Tandifinyani dzanja," kenako anachita kupempha kuti alitaye.

Asilikali akamachepa, otsalawo ankayenda bwino. Fani inasiya kulira, thireyi ya mazira inabwerera kukhitchini, mphaka nayenso anabwerako. Tsiku lomaliza linali Lachisanu, ndipo ndinasiya ntchito zanga n'kukhala pambali pa Bambo. Pamene Injiniya ankafika n'kuti atatsala mazana awiri. Ankaguba mosalala, mithunzi ikuwatsata, udzu ukugwedera, mausi ikumvera pomwepo.

"Apongozi, imani pomwepo!" Injiniya anaiwala kuti mboni silankhula. "Taonani mmene ikuyendera! Ndi amenewa mutha kukagumula kampu ya adani lero lomwe!"

Bambo anatembenukira kwa ine, dzanja lili pamausi.

"Mwanawe, ukudziwa ntchito imene ndinkagwira?"

"Munkasunga katundu, Bambo."

"Ndinkapereka jombo. Mnyamata aliyense wopita kunkhondo ankadutsa pakauntala panga. Ndimupatse jombo, bulangete, chipewa, asaine. Akabwerako ankayenera kudutsanso pomwepo kudzabweza. Chaka china ndinaveka anyamata makumi anayi tsiku limodzi. Ena jombo zinawakulira, ndinawauza kuti azivala masokosi awiri. Patapita miyezi itatu galimoto inabwera. Jombo zinabwera zonse, zomangidwa ziwiriziwiri ndi zingwe zake. Koma anyamata makumi awiri ndi atatu sanadutse pakauntala. Ndinazipukuta jombozo n'kuzibwezera pashelefu. Mwezi wotsatira ndinaveka ena. Ngakhale malemu amayi ako sindinawauzepo."

Ndinamva chisoni, komanso manyazi, chifukwa zaka zonsezi ndinkawaseka bambo anga kuti ndi msilikali wa mashelefu. Injiniya anabweza manja kumbuyo yekha osauzidwa. Bambo anapitiriza ntchito yawo, mmodzimmodzi, mpaka womaliza anadutsa pachipata. Posakhalitsa adani aulesi aja anabwera kudzakanda khoma monga mwa masiku onse, anapeza kuli zii, n'kulowa mokayikakayika. Pasikirini panabwera zilembo zofiira zoti tagonja, ndipo pansi pake panali mndandanda wa zonse zimene zinachitika pankhondoyo.

Bambo anavula magalasi, poti anali atachita nkhungu.

"Tandiwerengera mzere wachitatuwo."

"Asilikali ofa," ndinawerenga, "palibe."

"Werenganso. Mokweza."

Ndinawerenganso mokweza. Mumtima ndinkaopa kuti popeza nkhondo yatha, Bambo apinda laputopu n'kutsekanso pakamwa. Koma iwo anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya, anawavalanso, n'kumukodola Injiniya ndi dzanja lamanja.

"Mkamwini, tabwera undionetse poyambira ina. Ulendo uno ndilemba makumi awiri ndi atatu okha. Amenewo sindinawatsanzike."